Mbale Zoboola Pakati

Chimene chimandizunza pa nsomba ndi diso. Mamba ndimadula ku makasu akutha, zipsepse ku malata akale, pakamwa ndimapinda tcheni cha njinga, ndipo zonsezo ndimapanga ndikuimba mluzu. Koma diso ayi. Ukalakwitsa diso, nsomba yonse imaoneka ngati yagona pathandala kuyambira dzana. Ndinayesapo zitsekerero za mabotolo, nsomba n'kuoneka yakhungu. Ndinayesa belu la njinga, n'kuoneka yodabwa ngati msodzi amene wafika kugombe n'kupeza bwato lake palibe. Ndinayesa magalasi a nyali zopopa zimene asodzi anataya atayamba kupha usipa ndi mababu a batire, koma galasi ndi moto wowotcherera sizimvana. Tsiku lina ndinaponya nsomba yathunthu m'munda wa chinangwa chifukwa cha diso lokha, akunyumba n'kukaitola okha.

Ndimagwirira ntchito kuseri kwa nyumba, pansi pa chisakasa cha malata, chakumpoto kwa Chintheche, m'mbali mwa msewu waukulu. Kuwotcherera ndinaphunzira nditamaliza sekondale, kwa mmisiri wina wa mafelemu a zitseko ndi mawindo. Tinasiyana tsiku limene ananditchula bulutu pamaso pa kasitomala. Za tsiku limenelo tisalowemo. Kuchokera pamenepo ndimadzipangira zanga: nsomba, mbalame, ng'ona, nthawi zina munthu wopalasa bwato, zonse za zitsulo zimene anthu anataya. Ogula ndi eni malo ogona alendo a ku Kande ndi apaulendo odutsa pamsewu. Anthu a m'mudzi sagula. Amabwera kudzaima, kugwiragwira, kenako n'kufunsa kuti, "Nanga chimenechi ntchito yake n'chiyani?" Funso limeneli landidanitsa ndi anthu ambiri.

Zitsulo zambiri amandibweretsera ndi alamu anga, alongo awo a akunyumba. Ndi msodzi, komanso mkulu wa mpingo. Mwera ukavuta panyanja amakwera njinga kupita ku esiteti ya mphira kukatola nkhuni za mitengo yogwetsedwa, ndipo panjira satha kudumpha chitsulo. Amandiseka kuti ndine nkhuku ya padzala, koma wopalasa padzalapo ndi iwo.

Nyengo ina yozizira anafika ndi thumba likulira ngwerengwere pa kaliyala.

"Alamu, lero mundiphikira tiyi wa mkaka," anatero akukhuthula pansi.

Zinali mbale zachitsulo zija zakale, zopaka zoyera zonyezimira, za mkombero wabuluu, zimene tonse tinadyeramo tili ana. Zina zazikulu, zina zazing'ono za ndiwo, ndi makapu angapo a mtundu womwewo. Anati anazipeza m'katchire kena pakati pa mitengo ya mphira, zitangomwazikana pansi, zovundikira.

"Pamenepo panali komboni yakale ya antchito," anatero. "Linali dzala lawo."

Ndinanyamula imodzi. Inali ndi bowo pakati penipeni. Ndinanyamula ina, bowo pakati. Kapu, bowo pansi. Zonse.

Ine chitsulo ndimachidziwa. Dzimbiri likamadya mbale limayambira pamene utoto wasupuka, kawirikawiri m'mphepete, ndipo bowo lake limakhala lanyenyeswa ngati tsamba lodyedwa ndi mbozi. Awa sanali mabowo a dzimbiri. Munthu anavundikira mbale, n'kuika chinthu chakuthwa pamsana pake, n'kumenya. Milomo ya bowo inapindikira mkati. Ndipo sanali munthu mmodzi, chifukwa mabowo ena anali ozungulira ngati a msomali, ena ong'ambika ngati a nkhwangwa. Mbale zina zinali zabwinobwino, zoti lero lomwe ungagawiremo utaka. Ndani amaononga mbale yabwino mwadala, ndiponso pakomboni, pamene anthu amabwerekana ndi mchere womwe?

Nkhani imeneyi inandilowa m'mutu ngati nthata. Ndinazitsuka zonse, n'kuziyala pa benchi, n'kumangoziyang'ana m'malo mogwira ntchito. Ndinati mwina ankadzalamo maluwa. Akunyumba anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Maluwa m'mbale ya ndiwo? Mizu yake ipite kuti? Inu sukulu ija munangopita kukatha nsapato."

Iwo ankati ana ndi amene anaboola kuti apange matayala a magalimoto a mawaya. Ndinati mwana amene angaboole mbale ya amake yabwino chonchi sangakule. Alamu anati ndi zipangizo zotchezera kachasu, poti anthu a kukomboni, mwa kunena kwa iwo, Loweruka limawathera pa mowa.

"Akulu a mpingo mukudziwa bwanji zotchezera kachasu?" ndinafunsa.

"Timamva polangiza anthu, alamu."

Ganizo limene ndinalikonda ndekha linali la makoswe. Ndinati mwina ankaziveka pa mitengo ya nkhokwe kapena pa chingwe chopachikira mbewu kuti khoswe akamakwera aziterereka. Ndinafika poyesa. Ndinapisa waya pa mbale imodzi, n'kupachika chinangwa chouma kunsi kwake m'khitchini. Kutacha tinapeza chinangwa chadyedwa, khoswe atasiyanso manyi m'mbalemo ngati akundiyankha. Nanga makapu? Kapu yoboola pansi imatchinga khoswe wanji?

Yankho sindinalipeze, koma ndinapeza china. Nthawi imeneyo ndinali ndikupanga chambo chachikulu, chotalika ngati munthu wagona, chimene mayi wina wa malo ogona alendo anaitanitsa kuti akachiimike pageti. Thupi linali litatha, patatsala maso, mwa nthawi zonse. M'mawa wina ndinangotenga kambale ka ndiwo n'kukagwirizitsa pamutu pa nsombayo. Choyera cha diso chilipo, mkombero wabuluu ulipo, mwanadiso wabooledwa kale. Nsomba inandiyang'ana.

Kumbali yoyang'ana kumsewu ndinasankha mbale ina imene bowo lake silinali lozungulira, linali lang'alang'a, lotalikirapo ndi lokhota pang'ono. Linkapatsa nsombayo nkhope yochenjera, ngati ikudziwa mbedza zonse za m'nyanja muno. Mbale za mtundu uwu siziwotchereredwa chisawawa, utoto wake umathetheka ukamva moto. Ndinapala m'mphepete malo ang'onoang'ono, n'kumangodontheza moto pang'ono, kudikira kuti pazizire, kudonthezanso. Tsiku lonse linathera pa maso awiri. Nditamaliza ndinaitana akunyumba. Anaima, kuyang'ana, n'kunena kuti, "Iyi yokha musaiponye m'chinangwa." Kwa iwo kumeneko ndiye kuyamikira.

Ndinaiimika kutsogolo kwa nyumba podikira galimoto yodzaitenga. Maminibasi ankachepetsa liwiro. Ndisaname, ndinkapeza zifukwa zokasesa pamsewu.

Patapita masiku, chakumasana, ndinamva akunyumba akuti pali munthu waima pa nsomba kwa nthawi yaitali. Ndinatuluka ndili ndi nyundo m'manja, osati kuti ndimenye munthu, ndinangoiwala kuisiya. Anali mkulu wachikulire, wamfupi, wovala majombo a kuesiteti ndi jekete lakutha, njinga ataigoneka m'ngalande. Chala chake chinali pa diso la nsomba, chikuyenda pa bowo lija.

"Madala, maso alibe ntchito? Zogwiragwira sitifuna pano."

Sanachotse chala. Anatembenuka pang'onopang'ono. Anandipatsa moni m'Chichewa cha kummwera, ine n'kudziwa kuti ndi wa kukomboni.

"Amisiri ndinu?"

"Ndine. Ngati mukufuna kufunsa kuti ntchito yake n'chiyani, ilibe. Siidyedwa, siilima."

"Ayi, bambo. Ine ndaima chifukwa cha mbale iyi. Ndi ya akazi anga."

Magazi anandithamangira kumutu. Anthu otere ndawaona ambiri. Chitsulo chikakhala pa dzala alibe nacho ntchito, ukachisandutsa chinthu mwini wake amatulukira. Wina anabwerapo kudzanena kuti khasu limene ndinapangira mchira wa ng'ona linali la agogo ake.

"Ngati ndi yawo, akaziwo abwere okha adzanene," ndinatero. "Adzandiuzenso chimene anaiboolera, poti chandisowetsa tulo."

"Sangabwere. Ali kumanda. Ndinaboola ndine, tsiku limene tinawaika."

Nyundo ija inalemera. Ndinaiika pansi. Akunyumba, amene anamva zonse ali pakhonde, anatulutsa mpando, n'kundiyang'ana ndi diso limene ndimalidziwa.

Mkuluyo anakhala, n'kufotokoza mosathamanga. Kwawo ndi ku Phalombe. Anabwera kuno ali mnyamata kudzacheka mitengo ya mphira, iye ndi mkazi wake, onse ntchito imodzi. Mayiyo anamwalira kalekale, ana ali aang'ono, ndipo kunyamula maliro mpaka kummwera sikunatheke. Anawaika pa manda aang'ono a antchito, pakati pa mitengo. Kwawo, anati, munthu akaikidwa amatenga mbale yake ndi kapu yake, n'kuziboola, n'kuzivundikira pamtumbira.

"Kuziboola chifukwa chiyani?" Ndinali nditakoka chitini n'kukhala pafupi.

"Mwini wake wafa, nayo ife. Wamoyo asadzadyeremonso. Komanso yoboola palibe angaibe." Anayang'ana nsomba ija. "Tinkaganiza choncho."

Kwathu kuno manda sasowa. Timamanga ndi simenti, ena matailosi, dzina lalikulu, vesi pansi pake, ndipo ali pafupi ndi nyumba, m'mphepete mwa minda ya chinangwa. Mtonga akhoza kugona m'nyumba yodontha koma amake agone pa chiliza chonyezimira. Ndakula ndikuona anthu a kukomboni pamsika, m'minibasi, pa mpira, koma sindinadzifunsepo kuti akafa amagona motani. Manda opanda dzina, opanda simenti, ongodziwika ndi mbale, zinali zachilendo kwa ine ngati za dziko lina, chikhalirecho ndi ulendo wa njinga.

Ndiye panali vuto lenileni. Mkuluyo anali atapuma pantchito, akubwerera kwawo. Ana ake, amene tsopano ndi akuluakulu kumizinda, anagwirizana kuti asananyamuke abwere adzamange chiliza pamanda a mayi awo, kuti bambo akachoka malowo asatayike. Iye anapita kukalambula, n'kupeza mbale zonse palibe. Mitumbira inaphwa kale, pansi pangokhala tetete. Mitengo ikuluikulu imene ankaidziwa inagwetsedwa, anadzalamo ina.

"Zaka zonsezi ndinkangolunjika pa mbale," anatero. "Pano ndikaima paja sindikudziwa ngati ndaima pa akazi anga kapena pa mwini wake wina. Ana akuimba foni kuti bambo, simenti tigule liti. Ndikungoti dikirani. Ndiwauze kuti amayi anu ndawataya?"

"Mwadziwa bwanji kuti ndi imeneyi? Mbale izi zimafanana dziko lonse."

"Bowo. Anzanga ankaboola ndi msomali kapena nkhwangwa. Ine ndinaboola ndi mpeni wa akazi anga wochekera mphira. Onani kukhota kwakeko."

Ndinaona. Ndinali nditakuona kale, n'chifukwa chake ndinaisankha.

Apa ndinene zoona zake: sindinafune kuichotsa. Diso limene ndinalisaka zaka zambiri ndinali nditalipeza, ndipo galimoto inali kubwera. Ndinayamba kukambirana naye ngati tili pabwalo la milandu.

"Madala, tiyeni tione bwino. Mwati munaboola kuti wamoyo asadyeremo. Alipo akudyeramo apa? Nsomba iyi ndi yachitsulo, siidya. Mwambo sunathyoledwe."

Anaganiza ndithu, osakwiya. "Kudyeramo palibe akudyeramo, zoona. Koma ikugwira ntchito. Ikuyang'ana."

"Kuyang'ana ndi ntchito?"

"Alonda amalipidwa chiyani?"

Ndinakweza mawu, monga ndimachitira ndikasowa poyankha. Ndinati ndimupangira mtanda wachitsulo wokongola, wa dzina lowotcherera, woposa mbale. Anati, "Zikomo, bambo. Tikauzika pati?"

Akunyumba anabwera ndi chinangwa chophika ndi madzi, n'kugwada kumupatsa mlendo. Podzuka anandilankhula m'Chitonga, motsitsa mawu, kuti mlendo asamve. Anati ndikapanda kuchotsa mbale ya malemuyo, iwo m'nyumba imene pakhomo pake payang'ana manda sagonamo, ndipo nsima ya kondowole ndizikanda ndekha. Mkulu uja anameza chinangwa, n'kuthokoza m'Chitonga kuti, "Yewu, ama." Wakhala kuno zaka zambiri kuposa ana athu. Anamva zonse.

Mkwiyo umafuna pogwera. Ndinatsika kunyanja, kumene alamu ankasoka ukonde wa chilimira ndi anzawo pamchenga.

"Alamu! Mwandibweretsera manda m'thumba!"

"Mwayambanso, alamu. Lero mwakangana ndi chitsulo chiti?"

Nditawafotokozera, singano inagwa m'manja. Anaimirira, kuyang'ana zikhatho zawo, n'kupita kukazisamba m'nyanja ngati azigwira lero.

"Ine ndinayenda pamenepo ndi nsapato, ndikuimba nyimbo," anatero. "Ndinakhalanso pansi kudya nthochi. Koma alamu, manda amakhala opanda ngakhale mtanda? Ndikanadziwa bwanji?"

"Dzala la mbale zokhazokha munaliona kuti? Lopanda botolo, lopanda phulusa?"

"Inu amene munapita kusukulu munati ndi za makoswe!"

Asodzi anzawo anagwa nacho chiseko, ine n'kutsala pang'ono kumenya munthu. Wina anakuwa kuti akulu a mpingo ayamba kufukula. Alamu sanaseke. Anandigwira mkono n'kunditengera pambali.

"Izi zisafike kumpingo zisanakonzeke. Mawa m'mawa tipite."

Nditabwerera ndinapeza magetsi azima, gilayinda yodulira zitsulo yangokhala. Ndinayamba kuchotsa diso lija ndi sowo ndi tchizulo, pang'onopang'ono, mkulu uja ataima pambali panga akupuma ngati ndikumuchita opaleshoni mwana wake.

"Bwinotu, amisiri. Yafa kale kamodzi."

Mbale ija inachoka yathunthu, kupatula timabala takuda m'mphepete momwe munadutsa moto. Ndinachotsanso ya mbali inayo. Galimoto ya ku Kande itabwera ndinaibweza, dalaivala n'kumandifunsa kuti nsomba yadwala chiyani.

M'mawa tinanyamuka atatu pa njinga, thumba lija lili pa kaliyala wa alamu, atakulunga mbale iliyonse m'masamba a nthochi kuti zisalire. Tinadzera kukomboni kukapepesa kwa akuluakulu. Alamu analankhula bwino, mwaulemu wa kumpingo, ine anandiuza kuti nditseke pakamwa. Akuluakuluwo anatilola.

Mitengo ya mphira imaima m'mizere ngati ana a sukulu, uliwonse ndi chipsera chake chokhota ndi kakapu kolandirira utomoni. Mkatimo mumakhala mthunzi ndi fungo lowawasa. Tinayenda mpaka pamene mizere inalekeza, n'kusiya kabwalo ka tchire kosadzalidwa. Mkulu uja anavula chipewa, n'kuomba m'manja mofatsa, kuodira. Nafe tinavula.

Ndinayang'ana, ndipo alamu ndinawakhululukira pang'ono. Panalibe chilichonse choti munthu wa kwathu anganene kuti awa ndi manda. Masamba ouma, tiudzu, chulu chaching'ono, basi.

"Alamu, kumbukirani. Ya bowo lokhotayi munaitola pati?"

Anazungulira, kuloza apa, kubwerera, kuloza apo. "Ndinkangotola ngati bowa, alamu. Amene amatola bowa amakumbukira kuti uwu unali pati?"

Ndinali ndi chiyembekezo chakuti pamene mbale yavundikira zaka zambiri pamatsala chizindikiro, kabwalo kopanda udzu. Tinapalasa masamba ndi manja. Koma mvula ya m'nyengo yozizira ija inali itadutsapo, chiswe chitamanga, nkhanga zitapalasa. Tinapeza malo amodzi okayikitsa, mkulu uja n'kuyesapo mbale, n'kupukusa mutu. Dzuwa linakwera. Kenako mkuluyo anakhala pansi pa chitsa, mbale ili pamiyendo. Foni inalira m'jekete mwake. Anaitulutsa, kuyang'ana, kuibweza ikulirabe.

Ine mutu wanga unali pa bowo lija. Mpeni wochekera mphira ndinali nditauonapo m'manja mwa antchito, koma sindinaugwirepo, ndipo ndinkafuna kudziwa kuti chitsulo chopyapyala chotero chinaboola bwanji mbale osapindika.

"Madala, munaumenya ndi chiyani mpeniwo?"

"Ndi mwala."

"Sunathyoke?"

"Chigwiriro chinasweka. Chitsulo chinapyola mbale n'kulowa m'dothi."

"Ndiye munauzula?"

"Kuuzula ndikautani? Unali wawo. Ndinangoukhomerera konko kuti ugwire mbale, mphepo isaitenge."

Ndinatembenukira kwa alamu. Iwo anati mpeni sanauone, mbale zonse zinkanyamuka mosavuta. Ndinati ndiye kuti dzimbiri linadya mutu wake, mbale n'kuvuka, koma thupi likadali pansi.

"Anzanu aja ankasiyanso misomali yawo m'dothi?"

"Ayi. Msomali pakomboni sutayidwa."

Pachishalo cha njinga yanga pamakhala maginito a sipika yakutha, omangidwa ku chingwe. Ndimawakoka m'mbali mwa msewu potola misomali, ndiponso ndimayesera zitsulo ngati zingalole kuwotcherera. Ndinakawamasula. Mkulu uja anawayang'ana mokayika, ndipo ndinamuona akufuna kufunsa ngati ndi mankhwala. Ndinawagunditsa pa belu la njinga, n'kukakamira. Anagwedeza mutu.

"Koma musakumbe, amisiri."

"Sindikumba. Ndingowayendetsa pamwamba."

Ndinavula nsapato, sindikudziwa chifukwa chake, n'kuyamba kukoka chingwe uku ndi uku, mzere ndi mzere, ngati ndikufesa mpunga. Alamu ankapita patsogolo akusesa masamba ndi nthambi, akung'ung'udza nyimbo ya maliro pansipansi. Maginito anatola zambiri: mchenga wakuda umene umamera pa iwo ngati ndevu, kawaya, chitsekerero, kamlomo kachitsulo kamene amakhoma pamtengo kuti utomoni utsikire m'kapu. Nthawi iliyonse akalira kuti ta, mkulu uja ankadzuka, kenako n'kukhalanso. Ine thukuta linali kamukamu, ndipo ndinayamba kutukwana chingwe m'Chitonga mpaka alamu anandikumbutsa pamene tinali.

Chakumapeto kwa kabwaloko, kumbali imene tonse sitinkaiganizira, chingwe chinakana. Ndinakoka pang'ono, maginito osasuntha. Ndinawanyamula molunjika m'mwamba, ndipo ndinamva pansi pakukoka, ngati kampango wagwira mbedza n'kukhala duu.

Ndinagwada, kuuzira dothi, kupalasa ndi chala chimodzi. Panatulukira kansonga ka chitsulo chofiira ndi dzimbiri, chopyapyala, chokhota pang'ono, chitaima chilili m'nthaka.

Dzanja langa linapita lokha. Ndinkafuna kuuzula ndiuone wonse, kutalika kwake, mmene anausulira, chitsulo chake ngati n'cha sipuling'i. Ndisanaugwire bwino, mkulu uja anali atandigwira pamkono. Dzanja la munthu amene wacheka mitengo moyo wake wonse si lamasewera.

"Amisiri. Chimenecho chokha musiye."

Pa moyo wanga anthu amene anandigwirapo pamkono ndi ochepa, ndipo sizinathe bwino. Tsiku limenelo ndinangobweza dzanja. Mpaka lero mpeni umenewo sindinauone wonse.

Anagwada, kupukuta mbale ndi mkono wa jekete, n'kuivundikira pang'onopang'ono, akusuzumira pa bowo. Anaitembenuza pang'ono. Kansonga kaja kanalowa m'bowo, kukhota kwake n'kugwirizana ndi kukhota kwa bowolo, mbale n'kukhala pansi ngati chivundikiro pa mphika wake.

Alamu anachotsa magalasi n'kumawapukuta kwa nthawi yaitali. Mkulu uja anakhala pansi, miyendo tambalale, n'kuyamba kulankhula m'Chilomwe, mawu apansipansi, ngati munthu amene akufotokozera mkazi wake chifukwa chimene wachedwera kumsika. Sindinamve ngakhale liwu limodzi. Penapake anaseka pang'ono, n'kuloza kwa ine ndi mutu. Ife tinapita kukatuta miyala kumtsinje, n'kuzunguliza malowo kuti asasowenso. Iye anatulutsa foni, n'kupita pambali. Ndinangomva akuti, "Gulani. Eya, gulani, ndikudikirani."

Patatsala thumba. Mbale zina zonse ndi makapu zinali momwemo, ndipo eni ake panalibe amene ankadziwa kuti agona pati. Abale awo ambiri anabwerera kummwera kalekale. Alamu anasenza thumbalo n'kuima nalo pakati pa bwalo ngati mwana wosochera pa depoti.

"Nanga izi titani, madala?" anafunsa. "Tikaika molakwika si mlandu winanso? Munthu kumupatsa mbale ya mwini wake?"

Ine ndinali nditayamba kale kuganiza njira: kuyeza kutalikirana kwa manda kuchokera pa awa tawapezawa, kufunsa akuluakulu a kukomboni kuti anatsogola ndani, anatsatira ndani. Ndinayamba kufotokoza, ndikujambula pansi ndi kamtengo.

Mkulu uja anamasula thumba, n'kutulutsa mbale imodzi, kuichotsa masamba a nthochi, kuiyang'ana kuseri ndi kumaso. Anayenda pang'ono, n'kuivundikira pansi. Anatenga ina, n'kupatsa alamu, ina n'kundipatsa ine.

"Ingoyalani m'mizere, mosiya mpata wa munthu," anatero. "Anthu awa ndimawadziwa, tinkakhala nawo khomo ndi khomo. Moyo wawo wonse anali obwerekana mbale. Akabwezerana okha."